Masipika aatali pabalaza lalikulu: kuyankha bambo a ku Namiwawa

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Namiwawa. Angomaliza kumanga nyumba, balaza lake ndi la mamita 8 m'litali ndi 6 m'lifupi, pansi anaikapo matailosi, ndipo akufuna masipika aatali oimika pansi. Funso lawo linali lalifupi: "Kodi ndigule a mawati angati kuti akwane balaza lonse?"

Bambo, funso lomweli ndi limene linandidyera ndalama zaka zingapo zapitazo, ndipo mpaka lero ndikalikumbukira ndimachita manyazi.

Titangosamukira m'nyumba yathu ya ku Chilomoni, ndinapita m'sitolo ina ku Limbe ndili ndi ndalama imene ndinasunga kwa miyezi isanu. Mnyamata wogulitsa atandiona kuti ndafika ndi mtima wogula, sanataye nthawi. Anandiimika pakati pa masipika awiri ofika m'chiuno, anakweza voliyumu mpaka galasi la pakauntala linayamba kunjenjemera, kenaka anandilozera pa katoni pamene panalembedwa 3000W PMPO ndi zilembo zofiira, kutanthauza mawati 3000 a mphamvu imene amati sipika ingafike kwa kamphindi chabe. Sindinamve nyimbo tsiku limenelo, ndinangomva mdidi pachifuwa, koma ndinalipira osanenerera n'komwe, n'kuchita hayala galimoto yonyamula. Kunyumba mayi a ana anati zinthu zazikulu chotero zisatseke njira, motero tinakankhira sipika iliyonse pangodya yake. Nditayatsa, mawindo anayamba kulira, makapu a m'kabati anayamba kugundana, ndipo pa nyimbo ya kwaya imene ndinkaidziwa pamtima sindinathe kutola liwu ndi limodzi lomwe. Mawa lake aneba anandifunsa mwaulemu ngati kwathu kunali chinkhoswe.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinakulira m'nyumba imene nyimbo zinkamveka bwino. Bambo anga anabwera ndi gumbagumba kuchokera ku Joni, ndipo ankaiika pa katebulo m'kachipinda kathu ka ku Ndirande, momwe munali mphasa pansi, nsalu pazenera ndi matumba a chimanga pambali. Sipika yake inali yaing'ono kuposa mbale ya nsima, koma gitala ankamveka chingwe chilichonse pachokha. Ndinadabwa kwa nthawi yaitali kuti zitheka bwanji kachipangizo kakale kaja kuposa zimphona zanga, mpaka mnzanga wina wokonza mawailesi anabwera kudzacheza. Iye sanakhudze n'komwe masipikawo. Anaima pakati pa balaza, anaomba m'manja kamodzi, n'kundiuza kuti ndimvetsere. Phokoso la m'manjalo linapitiriza kulira ngati tili m'tchalitchi mopanda anthu.

Apa ndipo pagona nkhani yonse, bambo. Mawu akatuluka m'sipika sabwera molunjika m'khutu mwanu okha. Ambiri amayamba agunda matailosi, makoma a pulasitala ndi magalasi, n'kubwerera mochedwa pang'ono, ndipo akasakanikirana ndi mawu enieniwo zonse zimasanduka chisokonezo. Mphasa ndi matumba a chimanga a ku Ndirande zinkameza mawu obwererawo. Nyumba zimene tikumanga masiku ano mu Blantyre, za matailosi onyezimira ndi mawindo aakulu, n'zokongola m'maso koma n'zankhanza kukhutu, ndipo zimene zilibe siling'i n'zoipa koposa, chifukwa malata amayankha besi iliyonse. Ngodya nayo imakuza besi mopitirira muyezo. Masipika ambiri aatali ali ndi bowo lotulutsira mpweya kumbuyo, ndipo mukaligunditsa kukhoma, besi imafufuma n'kuphimba mawu a woimba. Mnzangayo anangokokera masipika aja kutsogolo ndi theka la mita, natiuza kuti tiyale kapeti pakati ndi kupachika makatani okhuthala. Kusintha kwake kunali kwakukulu moti ndinakwiya ndi ine mwini.

Ndinene mosabisa: nambala ya PMPO ndi msampha wa otsatsa malonda, ndipo palibe wopanga masipika wodzilemekeza amene amaidalira. Palibe muyezo umodzi umene onse amatsatira poiwerengera, aliyense amalemba imene wafuna. Nditayang'ana kapepala kakang'ono kumbuyo kwa masipika anga, ndinapeza kuti nambala yeniyeni, ya RMS, imene imayeza mawati a mphamvu yopitirira osati ya kamphindi, inali yochepa kwambiri moti sindiitchula pano. Ndipo ngakhale nambala yoonayo sikuuzani mmene sipika idzafuulire. Imangonena mphamvu imene ingalandire isanapse. Munthu amene akusankha sipika poyang'ana mawati ali ngati wogula mbuzi poyang'ana kutalika kwa chingwe chake.

Manambala amene ali ndi ntchito

Yoyamba ndi imene amailemba kuti sensitivity, imene imaonetsa kukwera kwa mawu amene sipika imatulutsa ikalandira wati imodzi, poyezera pa mtunda wa mita imodzi. Masipika ambiri a m'nyumba amakhala pakati pa 85 dB ndi 91 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu). Kusiyana kwa 3 dB kumaoneka kochepa papepala, koma kumatanthauza kuti sipika ya 90 dB imafuna theka la mphamvu imene ya 87 dB ikufuna kuti zimveke mofanana. Pabalaza ngati lanu, limene mudzakhala patali ndi masipika, nambala imeneyi ndi yofunika, ndipo n'chifukwa chake masipika a kampani ya Klipsch, amene amadziwika ndi sensitivity yokwera, amakondedwa m'zipinda zazikulu. Yachiwiri ndi ya ma ohm, imene imaonetsa mmene sipika imakokera magetsi kuchokera ku ampulifaya, chipangizo chimene chimaipatsa mphamvu. Sipika ya 8 ohm ndi yosavuta kwa ampulifaya iliyonse, pamene ya 4 ohm imakoka magetsi ambiri ndipo ampulifaya yofooka imatentha. Anthu ambiri sadziwa kuti chimene chimaotcha kasipika kakang'ono ka pamwamba, ka mawu osongoka, kawirikawiri ndi ampulifaya yaing'ono imene yakwezedwa kupyola mphamvu zake.

Za mayina sindilimbana nazo kwambiri. Wharfedale inayamba mu 1932 ku England, KEF mu 1961, Bowers & Wilkins mu 1966, ndipo onsewa amapanga masipika aatali abwino, koma kuno ambiri amachita kuitanitsa ku Johannesburg. Sipika imodzi ikhoza kulemera makilogalamu 20, choncho muwerengeretu za mayendedwe ndi msonkho wa pachipata cha Mwanza. Ngati wachibale akufuna kukutumizirani ampulifaya kuchokera ku America, muonetsetse kaye, pakuti kumeneko magetsi ndi a 120V pamene athu ndi a 230V. Mugulenso kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu akakhala kuti anazima.

Pali chinanso chimene simudzachiwerenga pa katoni. Mabokosi a masipikawa ndi a matabwa opanikiza a MDF, amene amamwa madzi n'kufufuma. Anga aja anafufuma kunsi chifukwa cha kukolopa kwa m'mawa uliwonse, ndipo chinyezi cha nthawi ya chiperoni chinamalizitsa. Muwaike pa timiyendo take ndipo wokolopa azilambalala.

Yankho lanu tsono ndi ili: yambani ndi kapeti ndi makatani, kenaka sankhani masipika a 89 dB kapena kuposerapo, a 6 kapena 8 ohm, okhala ndi masipika a besi awiri m'bokosi lililonse, ndi ampulifaya ya mawati 80 mpaka 100 a RMS mbali iliyonse. Muwatalikitse mamita awiri ndi theka kapena atatu, mpando wanu ukhale pa mtunda womwewo kuchokera ku sipika iliyonse, ndipo popita kukayesa mutenge nyimbo imene mumaidziwa bwino, muimvere motsitsa. Ine ndimatenga ya kwaya ndi ina ya babatoni, chifukwa sipika yabodza imasandutsa chingwe cha babatoni kukhala mdidi wopanda noti.

Zimphona zanga za ku Limbe ndinapatsa mphwanga, amene amazibwereketsa pa zinkhoswe ku Machinjiri. Pabwalo, popanda makoma, zimamveka bwino ndithu.