Mayi anga akumva ululu, koma kuchipatala akungowapatsa Panado

FUNSO

Akonzi, ine ndimakhala kufupi ndi Santhe m'boma la Kasungu. Mayi anga, omwe ali ndi zaka 57, akhala akumva kupweteka m'chiuno ndi m'munsi mwa mchombo kwa miyezi inayi tsopano. Ndawaperekeza katatu ku chipatala china cha kuno, koma ulendo uliwonse timabwerako ndi Panado ndi bulufeni basi. Usiku amangobuula, ndipo chaka chino alephera ngakhale kukhala pansi m'chigafa kusoka fodya. Chondidabwitsa n'chakuti adokotala akawafunsa mmene akumvera, iwo amayankha kuti, "Ndiliko bwino pang'ono." Tsiku lina nditafuna kulankhulapo ndinauzidwa kuti gadiyani adikire panja. Kodi ndichite chiyani kuti achipatala akhulupirire kuti mayi akuvutikadi?

Mwana wodandaula, Santhe

YANKHO

Pepani ndi matendawo, achemwali. Ndiyambire pa mawu amene mayi anu amayankhawo, chifukwa mbali yaikulu ya vutoli yagona pamenepo. Kwathu kuno munthu wamkulu akafunsidwa mmene wadzukira sayamba ndi kudandaula, ndipo amayi a msinkhu umenewo anaphunzitsidwa kuyambira kuchinamwali kuti mkazi weniweni amalimba mtima. Kwa iwo "ndiliko bwino pang'ono" ndi malonje chabe, koma kwa wachipatala amene wapeza anthu atadzaza mabenchi m'bandakucha, ndipo ali ndi mphindi zochepa pa wodwala aliyense, mawuwo ndi lipoti la matenda, ndipo ndi amene amawalemba m'buku. Kutentha thupi kuli ndi choyezera chake, malungo amaoneka m'dontho la magazi a pachala, koma palibe makina oyeza ululu. Ululu umalowa m'buku la kuchipatala kudzera pakamwa pa mwini wake. Sindikuikira kumbuyo ogwira ntchito amwano, omwe alipodi, koma paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Choncho ntchito iyambire kunyumba. Tengani kope ndipo kwa masiku atatu kapena anayi muzilemba zimene mukuona. Mayi aloze ndi chala malo enieni opwetekawo, anenenso ngati ululuwo ukutsikira m'miyendo. Afotokoze mtundu wake, kaya ukubaya ngati singano, ukuwotcha, ukupota kapena ukungolemera, chifukwa mawu amenewa amatsogolera woyeza ku ziwalo zosiyanasiyana. Achipatala ambiri amagwiritsa ntchito muyeso wa 0 mpaka 10, pomwe 0 ndiye kuti palibe chopweteka ndipo 10 ndi ululu woposa wina uliwonse umene munthu anaumvapo. Mayi amene anaberekapo sasowa chofanizira. Koma choposa manambala ndi kutchula zimene ululu wawalanda: kuti sangathenso kusenza ndowa kuchokera kumjigo, kuti amadzuka tambala woyamba asanalire n'kukhala tsonga pamphasa mpaka kucha, kuti siketi imene inkawathina pa Khirisimasi tsopano akuimanga ndi chingwe. Wachipatala akhoza kukayikira mawu oti "zikupweteka kwambiri", koma n'kovuta kunyalanyaza mlimi amene wasiya fodya wake ali m'chigafa.

Pali mafunso ena amene mwana sangafunse mayi ake omubereka popanda kuchita manyazi, koma ayenera kufunsidwa. Kodi akutaya magazi pomwe anasiya kale kusamba? Kodi kukutuluka chikazi chonunkha? Ngati pakamwa panu palemera, pemphani azakhali anu kapena mnzawo wa kumvano awafunse. Sindikunena kuti mayi ali ndi khansa, pakuti kupweteka kwa m'chiuno kumabwera ndi matenda ambiri, kuphatikizapo a chikhodzodzo ndi a msana. Komabe Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo mayi wa zaka 57 amene wamva ululu wotere kwa miyezi inayi sayenera kubwezedwa asanayezedwe njira ya amayi.

Za kutulutsidwa m'chipinda, dziwani kuti lamulo loti wodwala aonedwe payekha linaikidwa pofuna kuteteza chinsinsi chake, kotero amene angakulowetseni ndi mayi anu eni ake. Panganani muli panjira kuti akalowa anene okha kuti, "Ndikupempha kuti mwana wangayu akhale nane, andithandize kufotokoza." Mukalowa, tsegulani buku lawo pa masamba a maulendo atatu aja, ndipo musayerekeze kugula buku latsopano, chifukwa lakalelo ndilo mboni yanu. Kenaka nenani mwaulemu koma mosazungulira kuti, "Adokotala, uwu ndi ulendo wachinayi pa vuto lomweli, mankhwala amene munatipatsa amangothandiza maola awiri, ndiye tikupempha kuti muwayeze m'thupi ndipo mutiuze chimene mukuganizira." Akanena kuti pamalopo palibe zipangizo, pemphani kalata yotumizira wodwala ku chipatala chachikulu cha boma la Kasungu, komwe nakonso akaona kuti n'zowapitirira amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Akakana zonsezi, apempheni alembe m'buku kuti munapempha kuyezedwa ndi chifukwa chimene akanira. Anthu ambiri amaganiza kawiri akafika polemba ndi dzanja lawo.

Zikakanika, funsani mkulu woyang'anira chipatalacho kapena namwino wamkulu. Zipatala zing'onozing'ono zilinso ndi komiti ya anthu a m'midzi yozungulira, ndipo kuyambira 2018 zipatala za boma zinayamba kukhala ndi wolandira madandaulo a odwala, amene ambiri amangomutchula kuti ombudsman. Pa milandu ikuluikulu ya kunyozera ntchito pali Medical Council of Malawi komanso Nurses and Midwives Council of Malawi. Maganizo anga ndi akuti muyambe mwapezera mayi thandizo, dandaulo libwere pambuyo, chifukwa kukalipa pakhonde kumasandutsa nkhani ya matenda kukhala nkhani ya khalidwe lanu.

Podikira ulendowo, munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a Panado a mamiligalamu 500 pa tsiku, chifukwa ochuluka amawononga chiwindi, ndipo bulufeni womwa miyezi yambiri angathe kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuvulaza impso. Koma ngati mayi atayamba kutaya magazi ambiri, kukomoka, kulephera kukodza, kapena mimba itauma gwa ndi kusanza kosalekeza, musakhale pamzere. Pitani molunjika kwa namwino n'kunena kuti wodwala wafooka.

FUNSO

Bambo anga anapezeka ndi khansa ndipo achipatala awalembera mankhwala amadzi a morphine. Abale akuletsa, akuti mankhwala amenewa amapatsidwa kwa munthu amene madokotala amutaya, ndipo amafulumizitsa imfa. Kodi ndi zoona?

Wosokonezeka, Chamama

YANKHO

Si zoona, achimwene, ndipo nkhani yanu ikuonetsa kuti nthawi zina achipatala amamva, koma otsekereza ndife abale. Mu 1986 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko ya makwerero atatu yothanirana ndi ululu wa khansa. Poyamba pali mankhwala monga Panado ndi bulufeni, pakati pali ena amphamvu pang'ono monga codeine, ndipo pamwamba pali morphine. Chimene chimakweza wodwala pa makwererowo ndi kukula kwa ululu, osati kuyandikira kwa imfa, ndipo pali odwala amene amamwa morphine miyezi yambiri akuyenda, akudya ndi kupita kutchalitchi.

Apatseni mlingo umene walembedwa pa botolo pa nthawi yake, osadikira kuti ayambe kubuula, ndipo musawonjezere kapena kusiya mwadzidzidzi popanda kufunsa amene anawalembera. Vuto limene limabwera pafupifupi kwa aliyense ndi kudzimbidwa, choncho pemphanitu mankhwala ofewetsa m'mimba. Kusinza kwa masiku oyambirira kumatha pakokha, koma ngati bambo akuvuta kudzutsa kapena akupuma pang'onopang'ono kwambiri, athamangitseni kuchipatala. Botololo lisungidwe pamalo okhoma, kutali ndi ana. Pa ulendo wotsatira mutengane ndi amalume kapena wachibale amene akuletsa kwambiriyo, kuti akafunse yekha mafunso ake kwa namwino wa chisamaliro cha odwala matenda a mgonagona.