Za ndere zomwe zamera mu thanki yanu

Achimwene, mwafunsa ngati kugula fyuluta (chosefera madzi) yaikulu kungathetse ndere zomwe zamera pagalasi la thanki yanu ya nsomba ya malita 60. Ayi ndithu, fyuluta payokha sithetsa ndere. Zimenezi zimakula ndi kuwala komanso zonyansa za m'madzimo, ndiye yambani mwachotsa thankiyo pawindo pomwe pamawomba dzuwa, getsi muziyatsa maola 6 mpaka 8 basi patsiku, komanso chakudya muchepetseko, chomwe nsomba sizimaliza pa mphindi ziwiri chimangowolera pansi n'kusanduka nitrate, ndiye chakudya cha nderezo chimenecho. Sabata iliyonse muzichotsa kota ya madzi n'kuthiramo ena opanda chlorine (mankhwala omwe amathira m'madzi a pampopi), galasilo muzipala.

Pa fyuluta ine ndimakonda ya siponji yoyendera pampu ya mpweya, sivuta komanso simeza tiana ta nsomba. Koma ngati nsomba zanu zili zambiri pezani yoti izizunguza madzi onse kanayi pa ola, kwa inuyo ndi malita 240 pa ola.

Chonde siponjiyo musamatsukire pampopi, chlorine amapha mabakiteriya abwino omwe amachotsa amoniya (poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba), ndipo amoniya akachuluka nsomba zimafa. Muzingoifinya m'madzi omwe mwachotsa mu thankimo.