Zoika magetsi a LED pa pickup: yankho kwa achimwene a ku Ngabu

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Ngabu, ali ndi Hilux yakale imene amanyamulira mbuzi, nsomba ndi matumba a mapira pakati pa Bangula, Nchalo ndi Blantyre. Akufuna zinthu zitatu: bala yaitali ya LED ija pamwamba pa galimoto, timagetsi ta buluu kunsi kuti galimoto izioneka bwino, komanso getsi lowunikira kumbuyo akamapakira katundu m'bandakucha. Funso lawo ndi loti batire ipirira zonsezi? Nanga pa rodibuloko sakavutika?

Achimwene, pa zitatuzo yambani ndi getsi la kumbuyo. Limenelo ndiye la ntchito. Kupakira madengu a nsomba 4 koloko m'mawa wina atagwira foni ndi kuzunzika kopanda pake, pomwe kagetsi kamodzi ka ma watts 18 kapena 27 koikidwa pa chitsulo cha kuseri kwa kabini kamawalitsa bodi yonse ndipo kamadya ma amps pafupifupi awiri basi. Gulani ka flood, kamene kamamwaza kuwala, osati ka spot koponya kutali. Mukaikire swichi yake yake mkati, makamaka yokhala ndi kanyali kosonyeza kuti yayaka, chifukwa getsi loyera loyang'ana kumbuyo mukaliiwala n'kulowa nalo mu M1, amene ali pambuyo panu saona kanthu ndipo usiku amatha kuganiza kuti galimoto ikubwera kutsogolo kwake.

Za batire, masamu ake ndi osavuta. Tengani ma watts mugawe ndi 12, mwapeza ma amps. Bala ya ma watts 120 ndi ma amps 10. Injini ikamalira alternator, imene imatchaja batire, imapereka ma volts a pakati pa 13.8 ndi 14.4 ndipo katundu ameneyu imamusenza bwinobwino ngati ili yamoyo. Vuto limabwera injini ikazima. Timagetsi ta tepi tokongoletsa tija anthu amatiyesa tosadya kanthu, koma mtundu wa 5050 umadya pafupifupi ma watts 14 pa mita, ndiye mamita 5 ndi ma amps 6, mukatisiya toyaka usiku wonse pa batire ya 70Ah m'mawa mukankhitsa. Ndipo batire za kuno kuchigwa zimakhala zotopa kale ndi kutentha, October akafika thermometer ikudutsa 40 madzi a mu batire amauma msanga.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mawaya. Galimoto zambiri zimene ndaona zitapsa mawaya, nkhani yake imakhala imodzi: munthu wasenda waya wa headlamp, wapotokolerapo waya wa bala, wakulunga tepi, basi wati yatheka. Ayi achimwene. Waya uja anaupangira babu ya ma watts 55 kapena 60, simungausenzetse zina. Bala itenge moto wake kuchokera ku batire, fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi batireyo (ya ma amps 15 pa bala ya ma amps 10), kenako relay (kaswichi kamagetsi kamene kamatsegulira moto wambiri kakalandira chizindikiro kuchokera ku swichi yanu), ndipo waya akhale wa 2.5mm² wa kopa weniweni. Pa relay ya miyendo inayi, 30 imapita ku batire, 87 ku getsi, 85 ndi 86 ndi za swichi ndi ethi (waya wa negative womangidwa ku chitsulo cha galimoto). Fyuzi ija ntchito yake ndi kuteteza waya, ndiye ikakhala kutali, chigawo chonse cha pakati pa batire ndi fyuziyo chikakhudza chitsulo ndi moto umenewo. Paliponse pamene waya akudutsa pa bowo la chitsulo muike labala, misewu yathu ya ku East Bank kulowera ku Fatima ndi Muona imagwedeza galimoto mpaka waya kudyeka. Ethi muimange pa chitsulo chopalidwa penti. Polumikiza pawotcheredwe kapena pafinyidwe ndi ma terminal, tepi wamba pa dzuwa la kuno amasungunuka guluu n'kumasuka.

Pogula yang'anani kumbuyo kwa getsilo. LED kutsogolo siitentha ngati babu yakale koma kumbuyo imatentha, ndipo kutenthako ndi kumene kumaipha, ndiye mufune ya bodi ya aluminiyamu yolemera yokhala ndi mizere yoziziritsa. Yopepuka ngati pulasitiki isiyeni ngakhale pa bokosi alembe ma watts 300. Muonenso polembedwa IP67, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo imapirira madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Amene munaona momwe madzi anadzadzira mu msewu nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 mukudziwa kuti kuno izi ndi zofunika, ngakhale za mtengo wotsika zina zimangolembedwa chabe ndiye ndi bwino kuwonjezera silikoni polowera waya.

Tsopano bala ya pamwamba. Ndikumvetsa chifukwa chake mukuifuna, pakati pa Nchalo ndi Ngabu usiku mumakumana ndi ng'ombe zitagona pa tala, ngolo zopanda chonyezimira chilichonse, a kabaza atanyamula makala opanda nyali. Kuona patali kumapulumutsa moyo. Koma pa denga si malo abwino, kuwala kumagunda boneti n'kubwerera m'maso mwanu, ndipo mukalowa mu fumbi kapena utsi wa nzimbe zotenthedwa kutsogolo kumangoti mbuu. Ikani yaifupi pa bampala, yoweramira pansi pang'ono, ndipo ngati ilipo ya kuwala koyera mopita ku chikasu pang'ono, yolembedwa 4300K kapena yachikasu ya 3000K, tengani imeneyo kusiyana ndi ya 6000K yoyera mopita ku buluu imene imatopetsa maso. Chachikulu, relay yake ilandire chizindikiro kuchokera ku waya wa full, kudzera pa swichi, kuti mukangodima nayonso izime yokha. Wa njinga amene mwamuthobwa m'maso ndi bala sangaone m'mphepete mwa msewu kwa kanthawi, ndipo amene amagwera m'ngalande kapena kulowa pakati pa msewu ndi iyeyo, mwina atakweza mayi ndi mwana. Pa makona okwera kuchokera ku Thabwa ndiye musayatse n'komwe, mumakumana ndi mnzanu mwadzidzidzi.

Pa chifukwa chomwecho, musathamangire kuchotsa mababu a H4 n'kuika a LED mu headlamp yakale. Galasi lija analipangira kawaya ka babu ya halogen, LED ikakhala posayenera kuwala kumangomwazika, inu mukuona ngati kwawala koma patali simukuona ndipo obwera kutsogolo akuvutika. Nthawi zambiri kupukuta magalasi achita chikasu ndi kuwongola ma headlamp kumathandiza kuposa. Mukaika LED ku ma indicator mudzaona akuphethira mothamanga, pamafunika flasher (kachida kophethiritsa ma indicator) ya LED.

Timagetsi ta buluu kunja, ine ndingati tisiyeni. Buluu pamsewu anthu amamudziwa kuti ndi wa apolisi, makamaka akamaphethira, ndipo dongosolo la mitundu ndi lodziwika: zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo, za orenji pokhota. Chilichonse chosokoneza zimenezi chikhoza kukuimitsani pa rodibuloko kapena kukuvutitsani pokapangitsa COF. Ngati mtima ukufunabe zokongoletsa, ikani katepi kafupi mkati kunsi kwa dashibodi, kosawala kwambiri, kolumikizidwa ku waya amene amazima mukachotsa kiyi. Ndalama yotsalayo mugulire tepi yonyezimira yofiira ya kumbuyo kwa bodi, ndipo ntchito yonseyi muipereke kwa wamagetsi a galimoto amene ali ndi multimeter (chida choyezera magetsi), mumuuze akuonetseni pamene waika fyuzi musanamulipire.