Kodi kukulitsa msewu ndi kuthira konkire mumtsinje ndiye chitukuko?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga. Akuti mumzinda waukulu umene akukhala amataya maola awiri m'mawa uliwonse chifukwa magalimoto amathithikana pamsewu, ndipo mvula yamphamvu ikagwa madzi amalowa m'nyumba. Amva kuti akuluakulu a mzindawo akufuna kukulitsa msewu waukulu, komanso kusandutsa kamtsinje kodutsa pakati pa nyumba kukhala ngalande ya konkire. Funso lawo ndi ili: "Anthu oteteza chilengedwe akukana, koma kodi chimenechi si chitukuko chomwe tikulirachi?"

Mayi, zikomo kwambiri pondilembera. Munthu amene wakolopapo matope m'chipinda chogona ana usiku sangauzidwe kuti adikire, ndipo vuto lanu sindikulipeputsa. Koma ndikuuzeni mosabisa mawu kuti njira ziwiri zonsezi mizinda ina inaziyesa kale, ndipo ambiri anagwiritsidwa mwala.

Ku Houston, m'dziko la America, anakulitsa msewu wa Katy Freeway, ntchito n'kutha mu 2008. Pamalo ena magalimoto amayenda m'mizere 26 mukawerengera ndi tinjira ta m'mbali. Patangopita zaka zowerengeka, kuthithikana kunabwereranso pa nthawi yopita kuntchito ndi yoweruka. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Msewu ukangotakasuka, uja ankalawirira mbandakucha amayamba kunyamuka limodzi ndi anzake, uja ankakwera basi amagula galimoto, ndipo omanga nyumba amakatsegula mapuloti kutali kwambiri poti njira ilipo. Posakhalitsa msewu wadzazanso, utsi wachuluka, ndipo minda ndi nkhalango za m'mphepete mwa mzinda zapita.

Mzinda umene ndimakonda kuutchula ndi Curitiba, ku Brazil. Mu 1974, nthawi imene meya anali Jaime Lerner, katswiri wojambula mapulani a nyumba, anapatula njira ya mabasi okhaokha pakati pa msewu. Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti sanathere pa mabasi pokha. Analamula kuti nyumba zazitali zosanjikizana zizimangidwa m'mbali mwa njira zimenezi, ndipo ukamatalikira njirayo nyumba zizinka zifupika. Motero anthu ochuluka amakhala poti basi angaipeze poyenda pansi. Masiteshoni ake amaoneka ngati mapaipi akuluakulu agalasi. Umalipira polowa, osati m'basi. Basi ikaima, zitseko zonse zimatsegukira pamodzi, ndipo pansi pake pamalingana ndi pomwe waimapo, moti gogo wa ndodo kapena munthu wa njinga ya olumala amangolowa osakwera masitepe. Kamphindi kochepa basi yanyamuka. Mzinda wa Bogotá ku Colombia unatengera nzeru yomweyi mu 2000 ndi mabasi a TransMilenio. Sindikubisirani, nthawi ya m'mawa anthu amapanikizana m'mabasi amenewa mpaka kudandaula. Komabe basi imodzi yaitali imanyamula anthu oposa 100, amene akanati aliyense akhale m'galimoto yake akanatseka msewu wonse.

Nkhani ya kamtsinje ndi imene yandikhudza kwambiri. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo olemba mapulani a mizinda akhala akuphunzira mwambi umenewu mowawa. Mvula ikagwa padothi lokhala ndi udzu ndi mitengo, ina imalowa pansi, ina imatsika pang'onopang'ono. Ikagwa pamalata, patala ndi pasimenti, yonse imathamangira malo amodzi nthawi imodzi. Ngalande ya konkire siichepetsa madziwo ngakhale dontho. Imangowawonjezera liwiro n'kukawakhuthulira anthu a kumunsi, amene kawirikawiri ndi osauka.

Ku Curitiba komweko, malo a m'mphepete mwa mitsinje anawasandutsa mapaki. Paki ya Barigui, yomwe inatsegulidwa mu 1972, ili ndi nyanja yaing'ono imene imasunga madzi mtsinje ukadzaza. Madzi akasefukira amamiza udzu ndi tinjira toyendamo, akaphwa anthu n'kubwereranso kudzapumula. Copenhagen nayo, likulu la Denmark, itamizidwa ndi chimvula pa 2 July 2011, inayamba kukonza mapaki ndi misewu ina kuti pa tsiku la chimvula izitha kusunga ndi kulondolera madzi.

Koma taonani zimene zinachitika ku Seoul, likulu la South Korea. Mtsinje wa Cheonggyecheon anauvindikira ndi konkire, pamwamba pake n'kumangapo msewu wa m'mwamba umene unatha mu 1976. Pa nthawiyo aliyense ankati chitukuko ndi chimenechi. Mu 2003, meya Lee Myung-bak anayamba kuugwetsa msewuwo, ndipo mu 2005 madzi anaonekanso pamtunda wa makilomita pafupifupi 6. Lero muli nsomba ndi mbalame, ndipo anthu amavula nsapato n'kuviika mapazi pakati penipeni pa mzinda. N'zokongola, koma madzi ambiri oyendamo amachita kupopedwa ndi makina kuchokera mumtsinje wa Han. Iwo analipira kawiri, pokwirira ndi pofukula, pamene inu kamtsinje kanu kakadali kamoyo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimatsutsana ndi anzanga ena oteteza chilengedwe. Amafulumira kunena kuti okhala m'mphepete mwa mitsinje achotsedwe. Anthuwo sanamange pamenepo chifukwa chokonda matope, anamanga poti ndi pafupi ndi ntchito. Mukawasamutsira kutali kopanda basi yodalirika, mwawawonjezera pamzere uja wa magalimoto umene ukukuvutani m'mawa, ndipo ena adzabwerera. Ngati asamuke, apatsidwe malo abwino apafupi, ndipo azifunsidwa mapulani asanasainidwe.

Ndiye mayi, akadzaitanitsa msonkhano wa anthu okhudzidwa, pitani ndithu, mutengenso anzanu a kumunsi kwa mtsinje. Mukapemphe kuona mapu. Mukaloze ndi chala pamene ngalandeyo ikuthera, muwafunse kuti madziwo akafika pamenepo alowera kuti, ndipo nyumba zili pamenepo ndi za yani. Za msewu, muwafunse kuti mwa mizere yatsopanoyo, wa mabasi okha ndi uti, ndipo mwana wopita kusukulu aziwolokera pati. Zimene akakuyankheni mudzandilemberenso.