Nsato ya carpet python yasanza khoswe: vuto ndi babu kapena khola?

Wowerenga wina wa ku Johannesburg watilembera kalata. Akuweta jungle carpet python yotalika mita imodzi ndi theka m'khola lagalasi la masentimita 120, lomwe pamwamba pake pali sefa ya waya. Pansi pa galasi anaikapo mphasa yamagetsi yotenthetsa. Mu Juni, kuzizira kutafika, nsatoyo inasanza khoswe patatha masiku atatu itamumeza. Funso lake ndi lakuti: kodi agule babu la mawati 150 n'kulipachika m'kati?

Musaligule kaye, achimwene. Babu lalikulu lopanda choliwongolera likhoza kupha nsato yanu msanga kuposa kuzizira kumene mukukuopa.

Tiyambe ndi njokayo. Carpet python, yomwe asayansi amaitcha Morelia spilota, kwawo ndi ku Australia ndi ku New Guinea, ndipo mtundu wanu wa jungle umachokera m'nkhalango za kumpoto kwa Queensland. Ndi nsato yokwera mitengo. Mphasa yanu ikutenthetsa pansi pokha, pomwe nsatoyo imathera nthawi yambiri pa nthambi. Mphasa sitenthetsa mpweya. Onjezanipo galasi, lomwe silisunga kutentha, ndi sefa yomwe ikutulutsa mpweya wofunda wonse, ndiye usiku wa ku Johannesburg womwe kunja kumatsika mpaka madigiri 4 kapena 5. Njoka sipanga kutentha kwa m'thupi mwake yokha. Ikazizidwa, m'mimba mumaleka kugaya, khoswe amayamba kuwola ali m'kati, ndipo thupi limamutulutsa.

Khola liyenera kukhala ndi mbali yotentha ndi mbali yozizira kuti nsato izisankha yokha. Pamalo powothera kutentha pakhale madigiri 32 mpaka 34. Mbali inayo ikhale 23 mpaka 26 masana, ndipo usiku mpweya usatsike kupitirira 20 kwa nsato yomwe ikudya. Eni diamond python, mtundu wina wa carpet python, asatengere manambala awa: imeneyo ndi ya kugombe la New South Wales komwe kumazizirirako, ndipo imafooka ikamasungidwa pamoto chaka chonse.

Musanawononge ndalama pa chotenthetsera, tsekani modutsa kutentha. Matani styrofoam wokhuthala masentimita 2 kapena 3 kunja kwa galasi, kumbuyo ndi m'mbali ziwiri. Phimbani gawo lalikulu la sefa ndi thabwa, koma musiye mpata wa mpweya komanso malo a chotenthetsera. Khola likhale patebulo, osati pasimenti kapena pafupi ndi zenera. Tsiku lomwe mudzasinthe khola, mudzagule la PVC kapena la melamine.

Kenako kutentha kuchokere kumwamba, mbali imodzi ya khola, osati pakati. Pa khola ngati lanu, ceramic heat emitter (chotenthetsera chadothi chooneka ngati babu) ya mawati 100 kawirikawiri imakwana. Siwala, choncho imayaka usiku wonse osasokoneza njoka. Iikeni m'chotengera cha porcelain chifukwa cha pulasitiki chimasungunuka. Radiant heat panel, chotenthetsera chaphwatalala chomangidwa kudenga la khola, ndi yabwino koposa koma ndi yodula. Mwala wamagetsi wotenthetsa uja ausiye m'sitolo momwemo. Wawotcha mimba za njoka zambiri.

Ngati chotenthetsera chili m'kati mwa khola, chitchingeni ndi kakhola ka waya komangidwa ndi masikuluwu. Apa pasakhale kunyengerera. Ceramic imatentha kupitirira madigiri 200, ndipo nsato yozizidwa imadzikulunga pa chilichonse chofunda. Sithawa msanga ikamapsa monga amachitira mphaka kapena galu. Mudzangoona mamba a pamimba atafiira, kenako matuza ndi zilonda zomwe zimatenga miyezi kuti zipole.

Tsopano thermostat, chipangizo choyeza ndi kuwongolera kutentha, chomwe kalata yanu sinachitchule n'komwe. Chotenthetsera chilichonse, ngakhale mphasa yomwe muli nayo kale, chiyenera kudutsira mu thermostat. Ya on/off, yongoyatsa ndi kuzimitsa, imakwanira mphasa. Ceramic imayenda bwino ndi ya pulse, yotumiza magetsi modukizadukiza, kapena ya dimming, yochepetsa ndi kuwonjezera mphamvu pang'onopang'ono. Babu lowala likufuna ya dimming basi, chifukwa zinazo zimalithwanimitsa ndi kuliphetsa msanga.

Anthu ambiri amagula thermostat yabwino n'kulakwitsa poika kachingwe kake koyezera. Kakagwera pansi pozizira, thermostat imaona ngati khola lonse lazizira, imatsegula mphamvu zonse, ndipo nthambi ya pamwamba imasanduka uvuni. Nsato ikakagonera, zotsatira zake n'zomwezo, chifukwa thupi lake lakabisa ku kutentha. Kamangeni ndi cable tie m'mbali mwa nthambi yowothera kutentha, pamsinkhu womwe njoka imagona, pomwe singakaphimbe. Musagwiritse ntchito tepi m'khola la njoka. Ikamatuka imakakamira pakhungu n'kusenda mamba. Nambala ya pa thermostat musaikhulupirire yokha. Yezani pamwamba pa nthambi ndi kamfuti koyezera kutentha ka infrared, ndipo ikani thermometer ya digito mbali iliyonse, makamaka yosunga nambala yotsikitsitsa ya usiku. Mukuyenera kudziwa momwe khola limakhalira cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, osati masana muli maso. Sinthani pang'onopang'ono kwa masiku awiri mpaka manambala akhazikike.

Ceramic imaumitsa mpweya, ndipo dzinja la ku Johannesburg ndi louma kale. Chinyezi chikhale pafupifupi 50 mpaka 60 peresenti. Mbale yaikulu ya madzi ndi kabokosi kobisalamo kokhala ndi sphagnum moss (ndere yosunga madzi) wonyowa zimathandiza kuti nsato ifundule bwino.

Magetsi akathima kwa maola ochepa, nsato ya m'mimba mopanda kanthu imapirira. Funditsani khola bulangete, ikani botolo la madzi ofunda lokulungidwa ndi thaulo mbali imodzi. Makandulo, mbaula ndi chitofu cha palafini zisayandikire.

Za kusanza kuja: musaidyetse kwa masiku 10 mpaka 14, kuti kummero ndi m'mimba zichire. Mukayambiranso, ipatseni khoswe wocheperapo kuposa wa masiku onse, ndipo musaigwire kwa maola 48. Ikasanzanso kutentha kuli bwino, kapena mukamva kulira ngati likhweru ikamapuma, mukaona thovu kukamwa, kapena ikumapuma kukamwa kuli yasa, pitani nayo kwa dokotala wa ziweto wodziwa zokwawa. Matenda a m'mapapo satha ndi kukweza thermostat.