Mafunso a Mpira: Njira Imene Szoboszlai Anayenda Kuti Afike ku Liverpool

Funso: Kuno ku Chinamwali tikamaonera mpira timatsutsana. Ena akuti Dominik Szoboszlai anangochoka kwawo ku Hungary n'kulowa Liverpool. Zoona n'ziti? – Wowerenga wa ku Chinamwali

Yankho: Achimwene, amene akunena zimenezo adumpha matimu atatu. Szoboszlai anabadwa pa 25 Okutobala 2000 ku Székesfehérvár, ndipo mphunzitsi wake woyamba anali bambo ake, a Zsolt. Atasewerako m'timu ya ana ya MTK Budapest anapita ku Austria, koma ku Red Bull Salzburg sanamuponye m'timu yaikulu nthawi yomweyo. Mu 2017 anamuika ku FC Liefering, timu yawo yosulira anyamata, yomwe imasewera ligi yachiwiri. Ifeyo tikuona kuti apa ndi pamene anakhwimira: mwana wa zaka 16 kumalimbana ndi madoda sabata ndi sabata, osati amsinkhu wake. Mu 2018 anakwera m'timu yaikulu.

Mu Januwale 2021 RB Leipzig ya ku Germany inamugula ndi mayuro pafupifupi 20 miliyoni, koma anafika atavulala m'mphechepeche. Minofu ya pamenepa imakokeka nthawi iliyonse wosewera akamenya mpira mwamphamvu kapena akatembenuka mwadzidzidzi, ndipo akabwerera m'bwalo isanapole vuto limayambiranso. Sizoni imeneyo inatha asanasewereko, ndipo mpikisano wa mayiko a ku Ulaya wa Euro 2020, womwe unaseweredwa mu 2021, unamuphonya. Atachira anathandiza Leipzig kutenga chikho cha DFB-Pokal mu 2022 ndi 2023. Pa fainolo ya 2023 anagoletsa chigoli chachiwiri pamene anagonjetsa Eintracht Frankfurt 2–0.

Funso: Nanga Leipzig inalolera bwanji kutaya wosewera wotere? – Mayi wa ku Sadzi

Yankho: Amayi, inalibe mphamvu yokana. M'kontrakiti yake munalembedwa mtengo wa mayuro 70 miliyoni, woti timu ina ikalipira ndipo iye wavomera, azipita. Liverpool inalipira, anasaina mu Julayi 2023, ndipo anatenga jezi nambala 8 imene ankavala Steven Gerrard. Mu sizoni ya 2024–25 anatenga nayo ligi, mphunzitsi ali Arne Slot.

Funso: Ndimaphunzitsa anyamata ku Matawale. Free kick ija anagoletsa Arsenal, mwana angaiphunzire bwanji? – Mphunzitsi wa ku Matawale

Yankho: Aphunzitsi, inali pa 31 Ogasiti 2025, Liverpool inapambana 1–0, ndipo tsikulo ankasewera kumbuyo chakumanja, osati pakati. Kamenyedwe kotere kamayambira pa phazi loponda. Liponde pambali pa mpira, zala zitaloza kumene mukufuna kuti upite. Phazi lomenya likhale lolimba pa kakolo, ndipo mpira ukhudzidwe ndi fupa la pamwamba pa chala chachikulu, pansi pang'ono pa pakati pa mpirawo, mwendo n'kukwera nawo kuti udumphe khoma kenako utsike. Ana ambiri amaponda kumbuyo kwambiri n'kupendekera chagada, ndiye mpira umauluka pamwamba pa golo. Ena amamenya ndi nsonga ya zala, mpira n'kupita kosadziwika. Ayambire pafupi, mamita 16 mpaka 18, popanda khoma, ndipo mtunda muziwonjezera akayamba kulondola. Musawamenyetse mipira yambirimbiri asanatenthetse thupi, chifukwa minofu ya m'mphechepeche imavulala mosavuta ikakhala yozizira.