Kodi kuwala kungasankhe bwanji dzanja la molekyulu?

Mmodzi mwa owerenga, yemwe akuphunzira kemisitiri, wanditumizira imelo yofunsa kuti: popeza kuwala kwa nyali sikudziwa lamanja kapena lamanzere, zimatheka bwanji kuti akatswiri azikugwiritsa ntchito popanga molekyulu ya dzanja limodzi lokha? Mwafunsa bwino, ndipo pa mfundo yoyambayo mwalondola. Kuwala kwa nyali wamba sikusankha. Chimene chimasankha ndi catalyst (chinthu chofulumizitsa kusintha kwa mamolekyulu koma chokha osatha) yomwe nayonso ili ndi dzanja lake.

Mamolekyulu otchedwa chiral amakhala awiriawiri ngati manja athu: maatomu ndi omwewo, kalumikizidwe n'komweko, koma imodzi ndi chithunzi cha inzake pa kalilole. Thupi limawasiyanitsa, n'chifukwa chake opanga mankhwala nthawi zambiri amafuna imodzi yokha.

Pamene pagona vuto ndi apa. Kuwala kwa buluu kwa 450 nm kumapatsa molekyulu mphamvu pafupifupi 64 kcal pa mole (muyeso wa mphamvu mu kemisitiri), pomwe kusiyana kwa mphamvu kofunika kuti dzanja limodzi lipose linzake 95 kwa 5 sikufika ngakhale 2 kcal pa mole. Molekyulu ikameza kuwala sichedwa kusintha, ndipo ikasinthira kutali ndi catalyst, zotuluka zimangokhala theka lamanja, theka lamanzere. George Hammond ndi Ronald Cole atayesa mu 1965, dzanja limodzi linaposa linzake ndi pafupifupi 7 peresenti yokha, ndipo kwa zaka zambiri ntchitoyi inkaoneka yosatheka.

Choncho luso lonse lagona pa kuonetsetsa kuti molekyulu ikusintha pokhapokha ili m'manja mwa catalyst. Njira imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Thorsten Bach wa ku Munich, yomwe anaifalitsa mu 2005. Catalyst yake imagwira molekyulu ndi ma hydrogen bond awiri (kukokana kofooka kodzera pa atomu ya haidrojeni), ndipo gawo lake lomeza kuwala limakhala ngati denga pamwamba pa mbali imodzi ya molekyuluyo. Dengalo limagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: limadzutsa molekyulu imene yagwidwayo ndi mphamvu ya kuwala, komanso limatchinga mbali imeneyo, moti kulumikizana kwatsopano kumachitikira mbali yotseguka yokha. Mamolekyulu ongoyandama m'botolo amadikira mpaka nawonso atagwidwa.

Ena anagawa ntchitoyi pawiri. Mu 2008, David Nicewicz ndi David MacMillan anaphatikiza catalyst ya chitsulo cha ruthenium yomeza kuwala ndi catalyst ina ya chiral, ya mtundu wa amine, yogwira molekyulu yofunika kusinthayo (aldehyde), pogwiritsa ntchito babu wamba wa m'nyumba. Mu 2014, gulu la Tehshik Yoon ku Wisconsin linaphatikiza ruthenium ndi catalyst ina ya chiral, ya mtundu wa Lewis acid, popanga mphete za maatomu anayi a kaboni, ndipo chaka chomwecho Eric Meggers wa ku Marburg anasonyeza kuti catalyst imodzi ya chitsulo cha iridium ikhoza kusenza ntchito zonse ziwiri.

Musaganize kuti kuwala n'chopinga chabe. Mu 2018, gulu la Bach linatenga chisakanizo cha mamolekyulu otchedwa allene, theka lamanja, theka lamanzere, n'kuchisandutsa pafupifupi dzanja limodzi lokha, chifukwa catalyst yawo ya thioxanthone imagwira ndi kutembenuza dzanja limodzi kuposa linzake, kotero linalo limanka lichuluka. Catalyst yodalira kutentha kokha singathe zimenezi, pakuti njira imene yatsegula popita imakhalanso yotseguka pobwerera. Kuwala ndiko kumalipira mphamvu yoti chisakanizocho chipendekere mbali imodzi.